Kodi ayisi wa pamwamba pa phiri amadziwa bwanji kuti ndi wa chaka chakuti?

Kadzidzi: Anthu a pagulu pano ndithandizeni. Usiku ndimawerenga zoti asayansi anabowola ayisi pamwamba pa phiri lina ku Alps, mapiri a ku Europe, nkutulutsa chinthu chachitali ngati paipi, kenako nkumaloza ndi chala kuti apa ndi 1349, apa ndi 1170. Ine mutu wanga ukukana ndithu. Ayisi ndi madzi basi, alibe deti yodinda ngati paketi ya mankhwala. Nde chakacho amachiona pati? Kapena amangolota nkulemba poti akudziwa kuti palibe amene akwere phirilo kukawatsutsa?

Gulugufe: kkkkk mwayambapo achimwene, kwa inu chilichonse ndi bodza

Kadzidzi: Sindinati bodza ine, ndafunsa. Kufunsa ndi mlandu?

Mphunzitsi Wopuma: Funso labwino kwambiri bambo Kadzidzi, musawamvere awo. Tiyambe ndi njira yophweka. Pamwamba pa mapiri ataliatali chipale chofewa chikagwa sichisungunuka chonse, cha chaka chino chimagona pamwamba pa cha chaka chatha, cha pansi chimapsinjika mpaka kusanduka ayisi wolimba. Ndiye zimakhala ngati mizere ya pa chitsa cha mtengo ija timawerenga pofuna kudziwa zaka za mtengo. Chitsanzo chooneka bwino ndi Quelccaya ku Peru, mamita 5,670 kuchokera pa nyanja. Kumeneko kuli dzinja ndi chilimwe zosiyana bwinobwino, nthawi ya chilimwe mphepo imabweretsa fumbi, ndiye chaka chilichonse chimasiya kamzere kakuda kooneka ndi maso. Lonnie Thompson wa ku Ohio State University anabowola kumeneko mu 1983 ndi makina oyendera sola, poti jenereta ndi mafuta kukweza pamenepo inali ntchito yosatheka, ndipo anawerenga mizere yokwana zaka 1,500.

Kadzidzi: Chabwino aphunzitsi, koma nanga chaka china kukagwa chipale kawiri, kapena fumbi osabwera? Si ndiye mwawerenga chaka chimodzi kawiri kapena mwadumpha china? Ukalakwitsa kamodzi pamwamba, zonse za pansi zalakwika.

Mphunzitsi Wopuma: Zimenezo zimachitikadi. Ndikuona a Anaphiri ali pa intaneti, iwo anagwirapo zinthuzi ndi manja, ine ndinangoziphunzitsa pa bolodi.

Anaphiri: Zikomo aphunzitsi. Achimwene Kadzidzi mwagunda penipeni. Ine pa maphunziro anga ndinakhalako miyezi ingapo mu labu imene amadula ayisi ameneyu, nde ndikuuzeni mmene zimakhalira. Choyamba, si kawirikawiri kuti uone mizere ndi maso ngati ku Quelccaya. Nthawi zambiri chimene amakupatsa ndi chidutswa choyera chautali wosapitirira mita, kunenepa kwake ngati kapu yaikulu, chili mu pulasitiki cholembedwa nambala ndi muvi wosonyeza kumwamba. Umagwira ntchito mchipinda chozizira madigiri 20 kunsi kwa ziro, zala zimauma mu magolovesi, bolopeni imakana kulemba nde umagwiritsa pensulo. Umachidula ndi sowo, nkupala kunja konse chifukwa kunjako kunakhudzana ndi makina obowolera, umatsala ndi mtima wake wokha. Mtimawo ndi umene umasungunula pang'onopang'ono nkumayeza za mkati. Ku Alps timayang'ana kwambiri ammonium, amakwera nyengo yotentha chifukwa mpweya wofunda umanyamula za mminda ndi mmakola kukafika nazo pamwamba, nyengo yozizira amatsika. Nde pa kompyuta umaona mzere ukukwera, kutsika, kukwera, kutsika, nsonga iliyonse ndi chaka. Koma pali nsonga zina zokayikitsa, anthu awiri mutha kuwerenga malo omwewo wina nkupeza 48 wina 51. Ndinaziona ndekha, tinakangana mpaka wotiyang'anira anati aliyense awerenge payekha osaonetsana.

Kadzidzi: Ehee! Si izo ndimanena ine

Anaphiri: Dikirani kaye kkkk. Nchifukwa chake palibe amene amadalira kuwerenga kokha. Mkati mwa ayisi muli malo ena amene chaka chake timachidziwa kale kuchokera kwina, ali ngati zikhomo. Ukawerenga nkufika pa chikhomo, umaona ngati wasochera kapena ayi. Chikhomo chachikulu kuposa zonse ndi 1963.

Gulugufe: 1963 kunachitika chani?

Anaphiri: Mabomba a nyukiliya achemwali. Mma 1950 mpaka 1962 America ndi Soviet Union ankaphulitsa mabomba mumlengalenga poyesa, makamaka 1961 ndi 1962, kuphatikizapo chibomba chachikulu kwambiri chija cha ku Novaya Zemlya mu October 1961. Zotsalira zake zinakwera kumwamba nkumagwa ndi mvula ndi chipale dziko lonse. Mu 1963 anasainirana pangano loletsa kuyesa mumlengalenga, nde tritium ndi caesium-137, zotsalira za mabomba zija, zinafika pachimake chaka chimenecho kenako nkuyamba kutsika. Ukabowola phiri lililonse kumpoto kwa dziko, pamene tritium wachuluka kwambiri ndi 1963, kumwera zimachedwerako ndi chaka kapena ziwiri. Ku Europe palinso kachikhomo ka 1986 ka ngozi ya pa siteshoni ya magetsi a nyukiliya ku Chernobyl.

Mjomba wa Onse: Koma dziko ili. Ndiye kuti uve wa mabomba ndi umene wasanduka kalendala?

Anaphiri: Eya amjomba, ndipo mukamazitsatira muona kuti pafupifupi zikhomo zonse ndi za tsoka. Mapiri ophulika: Laki ku Iceland 1783, Tambora ku Indonesia 1815, amasiya sulfate wambiri, wochokera ku utsi wa sulufule, nthawi zina ndi tiziduswa ta phulusa tooneka ngati galasi pa maikulosikopu, ndipo phulusa la phiri lililonse lili ndi kapangidwe kake nde utha kudziwa kwawo. Ku Quelccaya kuja aphunzitsi anatchula muli phulusa la Huaynaputina, phiri la ku Peru komweko limene linaphulika mu February 1600, ndipo a Spain analemba tsiku lake, nde a Thompson anali ndi poyezera kuwerenga kwawo. Ku Alps kulinso fumbi la ku Sahara, mphepo ikalinyamula lambiri limasiya lamba wachikasu wofiirira, a 1977, 1947 ndi 1901 ndi odziwika. Amenewo ndiye ndinawaonadi ndi maso, ayisi woyera mbee kenako mwadzidzidzi lamba ngati wina anathirapo tiyi.

Kadzidzi: Mmm za 1963 zo zandigwira pang'ono. Koma mabomba ndi adzulodzulo. Ine vuto langa ndi zakale zija.

Wa Masamu: Ndilowepo apa. Pakati pa dzulo ndi kalekale pali mawotchi ena osadalira kuwerenga mizere. Pali zinthu zimene zimatha zokha pa liwiro lodziwika. Lead-210 amachokera ku mpweya wa radon wotuluka mnthaka, amagwa ndi chipale, ndipo theka lake limatha pa zaka 22.3 zilizonse. Ukapeza watsala theka poyerekeza ndi pamwamba, pamenepo padutsa zaka 22, akatsala kota 44, choncho. Pakatha zaka 150 watsala wochepetsetsa nde wotchiyo yaima. Argon-39 theka lake ndi zaka 269, amakufikitsa cha mma zaka 1,000. Carbon-14 ndi zaka 5,730. Krypton-81 ndi zaka 229,000. Wotchi iliyonse ili ndi dera lake.

Gulugufe: carbon-14 mesa ndi ya mafupa ndi mitengo? mu ayisi mukhala fupa la ndani kkkk

Anaphiri: Limenelo linali vuto lenileni kwa zaka zambiri achemwali. Umayembekeza mwayi kuti mwina mupezeka katsamba kapena kachirombo kouluzika ndi mphepo, koma pa mamita 4,500 nde ndi mwa apo ndi apo. Kenako gulu la Margit Schwikowski ku Paul Scherrer Institute ku Switzerland linapeza njira ina. Amasungunula chidutswa cha ayisi, nkusefa madziwo pa kasefa kakang'ono, pamatsala kautsi kosaoneka bwino nkomwe kochokera ku zomera ndi moto wa mtchire wa nthawi imeneyo. Kaboni wake ndi mamaikulogalamu chabe, ndiye kuti ukangopumira pafupi kapena ulusi wa juzi yako ukagweramo, zaka zasokonekera. Ndi njira imeneyo anapeza kuti ayisi wa pansi penipeni pa Colle Gnifetti ndi wa zaka zoposa 10,000.

Kadzidzi: Colle Gnifetti yomweyo ndi imene ndimawerenga! Nde 10,000 pa phiri lomwelo? Ndinaona kuti anabowola mamita 72 okha

Wa Masamu: Apo mpamene anthu ambiri amasokonekera, amaganiza kuti mita iliyonse ndi zaka zofanana. Ayi. Ayisi amayenda, pang'onopang'ono ngati phula, wa pansi amapsinjidwa ndi wa pamwamba nkumatambasukira mmbali. Pamwamba chaka chimodzi chitha kukhala kutalika ngati mkono, pakati ngati chala, pansi pafupi ndi thanthwe chimapyapyala ngati pepala. Nde zaka mazana ochepa zaposachedwa zimadya mbali yaikulu ya chidutswa chonse, pamene zaka masauzande zapanikizana mmamita ochepa omaliza. Komanso Colle Gnifetti, pa Monte Rosa mmalire a Switzerland ndi Italy cha pa mamita 4,450, ndi pamalo pamphepo, chipale cha nyengo yozizira chambiri chimauluzika, chotsala nchochepa, nchifukwa chake malo osazama choncho asunga nthawi yaitali.

Mphunzitsi Wopuma: Ndipo nkhani imene mwawerengayo ndi ya chidutswa chimene anabowola mu 2013, anthu a ku Harvard ndi University of Maine ndi anzawo a ku Europe. Poti mizere inali yopyapyala kwambiri, anagwiritsa ntchito leza kupala ayisi pang'onopang'ono mopyapyala kuposa tsitsi. Chimene anapeza chinandikhudza ine monga munthu wokonda mbiri. Mtovu unali mumpweya wa ku Europe pafupifupi nthawi zonse, chifukwa siliva amayengedwa kuchokera ku miyala ya mtovu ndipo utsi wa ng'anjo umapita kutali. Koma pakati pa 1349 ndi 1353 mtovu unagwa pafupifupi kutheratu. Imeneyo ndi nthawi ya mliri wa Black Death, okumba migodi anafa kapena kuthawa, ng'anjo zinazima. Taganizani, maliro a anthu mamiliyoni akuonekera pa kuyera kwa ayisi.

Mjomba wa Onse: Eish. Ndiye kuti mpweya woyera unabwera anthu atatha

Mphunzitsi Wopuma: Ndi mmene zilili amjomba. Za 1170 zija ndi za ku England, nthawi ya mfumu Henry II ndi kuphedwa kwa bishopu wamkulu Thomas Becket chaka chimenecho. Ofufuza anayerekeza kukwera ndi kutsika kwa mtovu ndi mabuku a msonkho a migodi ya ku Peak District, nkunena kuti zikugwirizana, kuti mtovu unakwera pamene mfumu, polapa imfa ya Becket, inkamanga nyumba za amonke zofolera ndi mtovu.

Kadzidzi: Apa nde pamene ndikukana aphunzitsi, mundikhululukire. Wa Masamu wanena yekha kuti kumeneko chaka ndi chopyapyala. Anaphiri anena kuti anthu awiri amasiyana powerenga. Nde munthu wawerenga mizere 800 kutsika, waona pamene mtovu watsika, ndipo mmutu mwake akudziwa kale za Becket, mukuganiza kuti sanena kuti eya ndi pomwepa? Umapeza chimene ukufuna kupeza.

Anaphiri: Aphunzitsi pepani koma pamenepa ine ndili mbali ya achimwene Kadzidzi, pang'ono. Vuto limeneli asayansi eni ake amalidziwa, kugwiritsa ntchito mbiri kukonza zaka za ayisi kenako nkunena kuti ayisi watsimikizira mbiri. Pa kuya kumeneko kusiyana kwa zaka makumi angapo si chachilendo ngati palibe chikhomo pafupi. Kugwa kwa mtovu kwa nthawi ya mliri ine ndimakukhulupirira chifukwa nkwakukulu ndipo mabuku a migodi akunena zomwezo. Koma zomati chaka ichi mfumu inakwiya, chaka ichi inalapa, zimakoma kuwerenga koma ndimazitenga mosamala.

Mphunzitsi Wopuma: Palibe chopepesa mwanangu, mwana akakuposa umangoyamika.

Gulugufe: achimwene Kadzidzi lero mugona ndi nsapato kkkkk mwapambana kamodzi

Kadzidzi: Chete iwe

Wa Masamu: Mukafuna mkangano weniweni onani za Guliya, kumadzulo kwa mapiri a Kunlun ku Tibet. A Thompson omwewo ndi anzawo a ku China anabowola mamita 308 mu 1992, ndipo potengera wotchi ina ya chlorine-36 ananena kuti wa pansi ndi wa zaka zoposa 500,000. Kwa zaka zambiri anthu ankayerekeza zofufuza zawo ndi Guliya. Kenako gulu lina linabowola pa Chongce, pafupi pomwepo, carbon-14 nkuonetsa kuti pansi pake sipakupitirira zaka pafupifupi 10,000. Ena anayeza krypton-81 pa ayisi wa mmphepete mwa Guliya nkupeza kuti zidutswa zake sizikupitirira zaka 15,000 mpaka 74,000. Kusiyana kumeneko si kwa masewera, ndipo akulemberanabe mayankho.

Kadzidzi: 500,000 ndi 10,000?? ndiye mumati ndikhulupirire

Wa Masamu: Ndi malo awiri osiyana aise, ngakhale ndi oyandikana, nde si kuti chimodzi chikafa chinzake chafa. Koma taonani kuti amene anadzutsa nkhaniyo ndi asayansi anzawo ndi wotchi ina, wina anakweradi phiri kukatsutsa, zija mumati palibe angachite.

Mayi wa Awiri: Ine ndimangowerenga mwakachetechete koma ndifunseko. Za uve ndamva, nanga za nyengo amaziona bwanji, kuti chaka chakuti kunali kotentha?

Anaphiri: Amayi, madzi si ofanana onse. Ena ali ndi oxygen wolemerako, oxygen-18. Kukazizira, mitambo imataya madzi olemerawo msanga isanafike patali, nde chipale cha nthawi yozizira chimakhala ndi oxygen-18 wochepa. Ku Greenland ndi Antarctica zimenezi zimatsatira kutentha bwino ndithu. Pa mapiri a kumadera otentha nde pali mkangano wina, chifukwa mvula ikachuluka nayonso imatsitsa oxygen-18, nde ena amati ukuwerenga kutentha ena amati ukuwerenga kuchuluka kwa mvula. Fumbi limanena za chilala. Pa Kilimanjaro anabowola mu 2000, anawerengera zaka 11,700, ndipo anapeza lamba wokhuthala wa fumbi amene anati ndi chilala chachikulu cha zaka 4,000 zapitazo, ngakhale zaka za Kilimanjaro nazonso ena amazikayikira poti kulibe mizere yowerengeka bwino. Mwaye umanena za moto, mungu umanena zomera zimene zinalipo.

Mphunzitsi Wopuma: Ndiwonjezere za uve, poti ndi zimene zimamveka bwino kwambiri. Ku Quelccaya mtovu unakwera a Spain atayamba kukumba siliva ku Potosí ku Bolivia, makamaka kuyambira 1572 pamene anabweretsa njira yogwiritsa ntchito mercury, anthu akugaya miyala mokakamizidwa, fumbi lake nkuuluka makilomita pafupifupi 800. Pa Illimani ku Bolivia anapeza zizindikiro za kuyenga mkuwa za zaka pafupifupi 2,700 zapitazo. Pa Mont Blanc muli mtovu wa nthawi ya Aroma. Koma zonsezo nzochepa poyerekeza ndi petulo wothira mtovu, ku Alps anafika pachimake mma 1970 kenako nkutsika malamulo atabwera, ndipo dziko lomaliza kusiya kumugulitsa linali Algeria mu 2021. Sulfate wa malasha nayenso anakwera mpaka cha mma 1970 ndi 1980 nkutsika mafakitale atayamba kusefa utsi. Ayisi analemba zoipa zathu, koma analembanso pamene tinasintha.

Mjomba wa Onse: nde boma likanama kuti sitinaipitse mpweya, phiri limaulula

Anaphiri: Limaulula likadalipo amjomba. Chimene chimandiwawa ine ndi ichi. Zonse takambazi zimafuna ayisi wozizira amene sasungunuka. Pamwamba pakangosungunuka, madzi amatsikira mkati nkutsuka ammonium ndi sulfate zija, nsonga zonse zimafafanizika, uli ndi ayisi koma sungawerenge kanthu. Pa Corbassière, pa Grand Combin ku Switzerland, anabowola mu 2018 mizere ikuoneka bwinobwino, atabwerera mu 2020 anapeza ya mmunsi yasokonekera, zaka ziwiri zokha. Choopsa china ndi cha Naimona'nyi ku Tibet, mamita 6,050, anabowola mu 2006 nkufunafuna chikhomo cha mabomba chija osachipeza. Si kuti mabomba sanafikeko, koma ayisi yense wa kuyambira mma 1950 anali atasungunuka kale. Nde ukafika pamwamba sungaganizenso kuti pamene waponda ndi chaka chino, mwina waponda 1940.

Kadzidzi: Iii ndiye kusowa kwa chikhomo nakonso kukunena kanthu

Wa Masamu: Kwambiri. Ndipo pa Kilimanjaro, ayisi amene analipo mu 1912, 85 pa 100 anali atapita pofika 2007.

Mayi wa Awiri: Nanga palibe chimene akuchita?

Anaphiri: Pali ntchito ya Ice Memory, anayambira pa Col du Dôme ku Mont Blanc mu 2016, Illimani mu 2017, nkumapitiriza kwina. Amabowola zingapo, china amayeza pano, china nchokasunga ku Antarctica pa siteshoni ya Concordia ya France ndi Italy, mphanga yokumba mu chipale mmene mumazizira pafupifupi madigiri 50 kunsi kwa ziro popanda magetsi. Maganizo ake ndi oti adzukulu adzakhala ndi makina oposa athu, monga leza ija kunalibe mu 1983, koma phiri lokabowola sadzalipeza.

Gulugufe: kunyamula ayisi kupita naye ku Antarctica kkkkk ngati kupititsa mchenga kunyanja. koma funso langa lofunika ndi ili achemwali Anaphiri, munalawako madzi ake? nenani zoona

Anaphiri: kkkkk ayi, dontho lililonse lili ndi nambala ndipo anthu anavutika kulitsitsa paphiri. Koma zopala zakunja zija timataya, tsiku lina ndinaika kachidutswa mu kapu ya madzi nkuika khutu. Kamalira thethethe ngati mafuta pamoto, ndi timathovu ta mpweya umene unatsekeredwa mkati tikuphulika. Ndinaima pa sinki mpaka kanatha.

Kadzidzi: Mpweya wa chaka chanji?

Anaphiri: Pa thumba lake tinalemba cha mma 1890, kuphatikiza kapena kuchotsa zaka zisanu

Kadzidzi: Zisanu zo ndiye ndazikonda, mukanati 1890 ndendende ndikanayambiranso. 1963 ndavomera, 1600 ndavomera, mliri ndavomera. Becket ndi Guliya andidikire kaye.